Mitengo yosiyidwa pamaterezi: imagwira dothi liti, imalephera pati

Mu Novembala 1996 kunagwa chimvula m'chigawo cha Oregon, kumadzulo kwa dziko la America, ndipo phiri lina la kumtunda kwa kamtsinje ka Rock Creek, m'boma la Douglas, linagumuka. Matope, miyala ndi zipika zinatsika ndi khwawa, zinakaphwasula nyumba yomwe inali kumunsi, anthu anayi n'kufa. Pamene dothilo linayambira kugumuka panali potsetsereka kwambiri, ndipo mitengo yonse ya pamenepo inali itadulidwa ndi kampani ya matabwa mu 1987. Akuluakulu a zankhalango ankadziwa kuti malo otere ndi oopsa, koma lamulo la nthawiyo silinkawapatsa mphamvu yoletsa munthu kudula mitengo yake chifukwa choti kumunsi kuli nyumba za ena. Mphamvuyo aphungu a ku Oregon anaipereka chaka chotsatira, maliro atachitika kale.

Mwa zina chifukwa cha ngozi ngati imeneyi, m'madera a matabwa a Oregon, Washington ndi British Columbia munakhazikika chizolowezi chomwe lero chili m'malamulo: podula nkhalango ya m'phiri, malo amene akuoneka kuti angagumuke azisiyidwa ndi mitengo yake. Munthu akaliona phiri lotere ali patali, amaona dazi lalikulu lokhala ndi timagulu ta mitengo m'makwawa ndi m'mphepete mwa zigwembe. Eni nkhalango amadandaula kuti ndi ndalama zosiyidwa kutchire. Oteteza chilengedwe amati timaguluto n'tongophimba anthu m'maso. Mbali zonse ziwirizi zili ndi pogwira, ndipo kuti tione bwino tiyenera kuyamba ndi dothi lenilenilo.

Mapiri a kugombe la Oregon ali ndi dothi losaya, mita imodzi kapena awiri, logona pathanthwe. Kumtunda kwa khwawa lililonse kumakhala kamalo kolowa m'kati, kumene dothi la mbali zonse limasefukira pang'onopang'ono kwa zaka mazana kapena zikwi. Madzi a mvula nawonso amasonkhana komweko. Tsiku lina madzi akadzaza mipata yonse ya m'dothi, dothilo limapepukidwa, limaleka kukanirira pathanthwe, ndipo limachoka lonse nthawi imodzi. Likalowa m'khwawa limakokolola zonse zimene lapeza, moti kachigumu koyamba ndi dothi lokwana malole ochepa kamakafika kuchigwa katakula kakhumi kapena kuposa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo matope otere nawo saliiwala: njira imene anadzera kale ndi imene adzadzerenso.

Izi zimachitika ngakhale m'nkhalango imene sinaonepo nkhwangwa. Chimene kudula kumasintha ndi kuchuluka kwa zigumuzo komanso kukula kwa mvula yofunika kuti zichitike.

Pali kamalo kamodzi kotere kamene akatswiri anakaphunzira mwina kuposa kena kalikonse padziko. Kali pa Mettman Ridge, kufupi ndi Coos Bay, ndipo ndi kakang'ono, kosakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, koma kotsetsereka madigiri oposa 40. Mitengo yake inadulidwa mu 1987. Gulu la William Dietrich ndi David Montgomery linazika mapaipi ambirimbiri oyezera madzi m'dothi ndi m'thanthwe, linamanga timilatho tamatabwa toyendapo, linaikanso mipope yowaza madzi kuti lizipanga mvula yakeyake n'kumaona kumene madziwo akulowera. Anapeza kuti madzi ambiri sayenda m'dothi mokha ayi, amalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kukatumphukira pena, pansi pa dothi, pamalo poti munthu woyenda pamwamba sangapadziwe. Chimvula chomwe chija cha Novembala 1996 chitafika, kamaloko kanagumuka, zipangizo n'kupita nawo limodzi. Chinatsala ndi zimene makina anali atalemba mpaka nthawi imene phirilo linachoka.

Ntchito ya mizu pamalo otere si imene ambiri timaganiza. Timaona ngati mtengo uli ndi muzu umodzi waukulu wolowa pansi wokhomerera dothi kuthanthwe. Nthawi zina zimaterodi, koma mphamvu yaikulu ili m'mizu yoyenda cham'mbali, yaing'onoing'ono, yolukanalukana ndi ya mitengo yoyandikana nayo, imene imamangirira dothi la pakati ku dothi lolimba la m'mphepete. Zili ngati mphasa: bango lililonse palokha n'losathandiza, chimene chimagwira ndi zingwe zosokera. Zingwe zikaola mphasa imaonekabe yabwinobwino pamene yayalidwa, mpaka tsiku limene wina adzainyamule. Mtengo ukadulidwa mizu yake siifa tsiku lomwelo. Yaing'ono imayamba kuola, yaikulu n'kutsatira, ndipo mbande zobzalidwa m'malo mwake zimatenga zaka kuti ziluke mizu yofanana nayo. Pakati pamenepa pali nyengo, kuyambira zaka zitatu mpaka cha m'ma 15 chidulire, imene phiri limakhala lofooka kwambiri. Katswiri wina, Roy Sidle, walemba zambiri za nyengo imeneyi. Ngozi ya ku Rock Creek inachitika patatha zaka 9. Pofika nthawi imeneyo odula anali atachoka kalekale, matabwa atagulitsidwa, phiri litabiriwira ndi timitengo tatsopano. Ichi ndicho chimavutitsa pa nkhani yonseyi, chifukwa wolandira ndalama ndi wolandira matope ndi anthu osiyana, ndipo pakati pawo padutsa zaka zokwanira kuti aliyense akane mlandu.

Nanga kudula kumawonjezera zigumu mochuluka bwanji? Mu 1975 Fred Swanson ndi Ted Dyrness anafalitsa zimene anapeza m'nkhalango yofufuziramo ya H.J. Andrews: pamalo osakhazikika odulidwa mosasiyako, dothi logumuka linali lochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi m'nkhalango yosadulidwa. Montgomery ndi anzake, mu 2000, anati kufupi ndi Coos Bay zigumu zinkachitika kuwirikiza katatu mpaka ka 9 kuposa mmene zimachitikira mwachilengedwe. Koma kafukufuku wa nthambi ya zankhalango ya Oregon, wotsatira mvula za 1996, anasokoneza pang'ono chithunzichi. Ofufuzawo anayenda wapansi m'makwawa m'malo modalira zithunzi za pandege, ndipo anapeza zigumu zambiri zobisika pansi pa mitengo ikuluikulu, zimene ndege sizikanaona. Malo odulidwa m'zaka zosakwana khumi anali ndi zigumu zambiri kuposa nkhalango zakale m'madera atatu mwa anayi amene anayeza, osati onse. Ndipo nkhalango za zaka zapakati, kuyambira 10 mpaka 100, zinali ndi zigumu zochepa kuposa zakalekale. Makampani anakondwa nazo zimenezi. Komabe mfundo yaikulu sinagwe: zaka zoyamba chidulire ndi zoopsa.

Chiwerengero china cha Swanson ndi Dyrness chimaiwalika kawirikawiri. M'mbali mwa misewu yotulutsira zipika, dothi logumuka linali lochuluka ka 30. Msewu wa m'phiri umadula therezi, umaunjika dothi lotayirira kumunsi kwake, ndipo ngalande zake zimasonkhanitsa madzi a dera lalikulu n'kuwathira pamalo amodzi. Mungasiye mitengo yonse m'khwawa, koma ngati paipi ya msewu ikulavulira madzi momwemo, mizu sidzapirira. Pa chifukwa ichi malamulo atsopano anakakamiza eni nkhalango kukonza kapena kutseka misewu yakale, ntchito yodula koma yosakopa maso, imene ine ndimaiona kuti inapulumutsa mitsinje yambiri kuposa mmene anthu amaiyamikirira.

Lamulo lolongosoka kwambiri pa za mitengo yosiyidwa ndi la ku Washington. Linachokera m'mgwirizano wa 1999 wotchedwa Forests and Fish, ndipo chinalikankha si chitetezo cha anthu kwenikweni koma nsomba za salmon, zimene zinali zitalembedwa m'gulu la zamoyo zimene zingathe. Matope akadzaza mipata ya timiyala ta pansi pa mtsinje, mazira a salmon amafa. Malamulo a 2001 anatchula mitundu ya malo okayikitsa: zigwembe zakuya za m'mbali mwa mitsinje, mitu ya makwawa ndi timalo tolowa m'kati tija ngati kutsetsereka kwake kwapitirira madigiri 35, kutanthauza kuti pa mamita 10 alionse opita kutsogolo nthaka yakwera mamita 7, kumapazi kwa zigumu zakuya zakale, kunja kwa magonyo a mitsinje kumene madzi amadya phiri, ndi malo amene madzi amalowera pansi kukadyetsa zigumu zakuya. Lamulo silinena kuti pamenepa pasadulidwe zivute zitani. Limati wofuna kudulapo, ngati matope angakafike kumtsinje kapena kwa anthu, abweretse lipoti la katswiri wa miyala ndi nthaka ndipo pempho lake liunikidwe mwapadera. Popeza njira imeneyo ndi yaitali ndi yodula, ambiri amangolambalala malowo. Mnyamata wa kampani amalowa m'tchire ndi kachida koyezera kutsetsereka ndi mpukutu wa maliboni owala, amamanga liboni pamtengo uliwonse wa m'malire, ndipo wamacheka akadzafika amalekeza paliboni.

Mayeso aakulu anabwera mu Disembala 2007. M'mapiri a Willapa, kumene mtsinje wa Chehalis umayambira, malo ena analandira mvula yoposa mamilimita 350 m'masiku ochepa. Zigumu zinachitika mazanamazana, minda ya alimi a ng'ombe inakwiririka ndi matope ndi zipika, ndipo msewu waukulu wa Interstate 5 unatsekedwa masiku angapo. Nyuzipepala ya Seattle Times inatulutsa chithunzi cha phiri la ku Stillman Creek, la kampani ya Weyerhaeuser, lometedwa mpala ndiponso lokandikakandika ndi zigumu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kampaniyo inati mvula yotere ikanagumula phiri lililonse. Ofufuza ake omwe, mu 2010, anapeza kuti inde, pamene mvula inali yocheperako zigumu zinali zochepa kaya nkhalango ndi yaing'ono kaya yaikulu, koma pamene inagwa yoopsa, materezi a mitengo yosapitirira zaka khumi anagumuka kawiri kapena katatu kuposa a mitengo yokhwima. Kafukufuku wina, wa komiti imene boma, makampani, mafuko a eni dziko ndi oteteza chilengedwe amakhalira limodzi, anapeza kuti malo odulidwa popanda kusiyako kanthu anagumuka kwambiri kuposa nkhalango zokhwima. Anapezanso chinthu chosautsa mbali zonse: zigumu zambiri ndithu zinayambira pamalo amene sali m'gulu lililonse la malo otchulidwa m'lamulo. Lipotilo anakanganirana zaka zingapo lisanatuluke, ndipo ena mwa mamembala analemba maganizo awoawo otsutsa.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mkangano wakuti mizu imagwira kapena siigwira unatha kalekale. Imagwira. Funso lotsala ndi lakuti liboni limangidwe pati, ndipo amange ndani. Katswiri wolemba lipoti amalipidwa ndi mwini mitengo. Ambiri mwa iwo ndi anthu oona mtima, koma phiri lili ndi malo ochuluka oti munthu anganene kuti madigiri ndi 34 kapena 36 malinga ndi pamene waima, ndipo ogwira ntchito za boma oti akatsimikize ndi ochepa poyerekeza ndi mapempho. Masiku ano zinthu zapepukako chifukwa cha lidar, njira yoyezera nthaka kuchokera pandege ndi kuwala kolowa m'mipata ya masamba, imene imaonetsa maonekedwe a pansi ngati kuti mitengo palibe. Zipsera za zigumu zakale zimene munthu akanadutsapo osazizindikira zimaoneka poyera pakompyuta. Koma ming'alu ya m'thanthwe ija ya ku Mettman Ridge siioneka ngakhale pa lidar.

Mitengo yosiyidwayo ilinso ndi mdani wake, mphepo. Mtengo wokulira pakati pa inzake umatalika, umakhala woonda, ndipo mizu yake sinazolowere kulimbana ndi mkuntho payokha. Inzake ikachotsedwa umatsala pambalambanda. M'zaka zoyambirira, mitengo yambiri ya m'mphepete mwa timagulu totere imazuka, makamaka ya mtundu wa hemlock umene mizu yake ndi yosazama. Mtengo wozuka umatembenuza chidothi chachikulu n'kusiya dzenje lolowa madzi, pamalo pomwe pamafunika kuti pasasokonezedwe. Ku British Columbia, kumene zionetsero za ku Clayoquot Sound mu 1993 zinatsatiridwa ndi malamulo okhwima a 1995, anafika pomasadza nsonga ndi nthambi za mitengo ya m'mphepete, nthawi zina ndi macheka olendewera kuhelikopita, kuti mphepo isapeze pogwira. Kagulu kakang'ono kongosiyidwa pofuna kukwaniritsa lamulo kamatha kugwa konse. Kuti kakhale kaphindu kamafunika kukhala kotakata, ndipo kutakata kulikonse ndi matabwa ochotsedwa m'thumba la wina.

Tsono pali mtundu wina wa chigumu umene mizu siingachite nawo kanthu. Loweruka pa 22 Malichi 2014, m'mawa, phiri la kutsidya kwa mtsinje wa North Fork Stillaguamish, kufupi ndi Oso ku Washington, linatsika lonse, linaoloka mtsinje, linakwirira mudzi wa Steelhead Haven ndi msewu wa 530. Anthu 43 anafa. Phirilo linali la mchenga ndi dongo zosiyidwa ndi madzi oundana akalekale, ndipo pamene linang'ambikira panali pakuya mamita makumimakumi, kutali ndi muzu uliwonse. Linali litagumukapo kangapo m'mbuyomo, komaliza mu 2006. Pa zigumu zakuya zotere mitengo imathandiza mwa njira ina: masamba ake amagwira gawo la mvula n'kulibweza kumwamba, mizu imamwa madzi, choncho olowa pansi amachepa. N'chifukwa chake lamulo la Washington limatchula malo olowera madzi, amene akhoza kukhala athyathyathya ndithu, kumtunda kwa phiri, kosaoneka koopsa n'komwe. Pamwamba pa phiri la Oso panali patadulidwa mahekitala pafupifupi atatu zaka khumi ngoziyo isanachitike. Akatswiri amene anafufuza analoza kwambiri mvula yochuluka ya masabata am'mbuyo ndi kufooka kwa phirilo kuchokera kale, ndipo sanagamule kuti kudulako ndiko kunagwetsa phiri. Mlandu wa ofedwa unatha mu 2016 mwa kugwirizana kunja kwa bwalo: boma la Washington linalipira madola 50 miliyoni, kampani ya matabwa 10 miliyoni. Wonena kuti mitengo ikanapulumutsa Oso akunena zoposa umboni. Chinalipo n'chakuti nyumba zinamangidwa pansi pa phiri lodziwika kuti limayenda.

Ku Oregon maganizo anapita kwina kumene poyamba kumadabwitsa. Mgwirizano wa 2021 pakati pa makampani ndi mabungwe oteteza chilengedwe, umene unasanduka lamulo mu 2022, umafuna kuti mitengo isiyidwe pa ena mwa materezi amene angagumuke ndi m'mbali mwa makwawa amene matope angadzere. Cholinga sikuletsa chigumu chokha ayi. Akudziwa kuti tsiku lina phirilo lidzatsikabe, ndipo akufuna kuti likamadzatsika lidzatenge mitengo ikuluikulu yathunthu ndi zitsa zake. Mitengo yotere imapingasa m'khwawa, imachepetsa liwiro la matope, ndipo ikafika mumtsinje imapanga maiwe ndi mobisala mmene ana a salmon amakulira. Chigumu cha paphiri lometedwa chimabweretsa matope okhaokha, ndipo kawirikawiri chimathamanga mtunda wautali.

Wina wa ku Tairāwhiti, kum'mawa kwa New Zealand, akamva zoti zipika mumtsinje ndi dalitso akhoza kukwiya, ndipo m'pomveka. Kumeneko namondwe Bola wa mu Malichi 1988 anagumula mapiri a msipu wa nkhosa, pamene malo a mitengo yokhwima anapirira bwino kwambiri. Boma linalimbikitsa kubzala paini pamapiriwo, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri nzeruyo inaoneka yabwino. Koma paini wobzalidwa nthawi imodzi amakhwimanso nthawi imodzi. Mapiri athunthu anadulidwa m'zaka zochepa, nthambi, nsonga ndi zidutswa za zipika n'kusiyidwa pamaterezi. Mu Juni 2018 mvula inazikokolola kukazitaya m'minda ndi pagombe la Tolaga Bay, ndipo makampani angapo analipitsidwa chindapusa kukhoti. Anamondwe Hale ndi Gabrielle, kumayambiriro kwa 2023, anabwereza zomwezo mokulirapo, zinyalala za mitengo zikuunjikana pamilatho mpaka kuithyola. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Hekia Parata inanena mu Meyi chaka chomwecho kuti kumeta mapiri athunthu kuleke, kudula kuzichitika pang'onopang'ono m'zigawo zing'onozing'ono, ndipo malo osakhazikika kwambiri abwerere kukhala nkhalango yosadulidwanso. Kusiyana kwake ndi Oregon n'koonekeratu: mtengo wathunthu wa chitsa chake umakodwa n'kukhala, koma tizidutswa tambirimbiri todulidwa timayandama n'kuyenda limodzi. Ndipo pamene phiri lonse lili losakhazikika, kusiya kagulu apa ndi apo n'kosakwanira, chifukwa palibe mbali yolimba yoti mizu imangirireko.

Za ndalama sitingazizembe. Kampani ya mahekitala zikwi mazana ikasiya makwawa angapo, imataya gawo lochepa la chuma chake. Banja la mahekitala 20 likhoza kupeza kuti theka la munda wake wa mitengo lagwera m'kati mwa maliboni. Washington inakhazikitsa thumba lolipira eni nkhalango ang'onoang'ono gawo la mtengo wa mitengo imene lamulo lawaletsa kudula, koma kwa zaka zambiri ofunsira ankadikira pamzere chifukwa ndalama zinkachepa. Palinso vuto la kagwiridwe ka ntchito: pamaterezi zipika zimakokedwa ndi zingwe zachitsulo zolendewera m'mwamba, ndipo kagulu ka mitengo kakakhala pakati pa njira ya chingwe, pamafunika kusuntha makina kapena kumanga msewu wina. Msewu wowonjezerawo ukhoza kuwononga zoposa zimene kaguluko kateteza.

Ife kuno sitifunika kuuzidwa kuti phiri limatsika. Napolo wa ku Zomba mu 1946, wa ku Phalombe mu 1991 ndi zimene namondwe Freddy anachita paphiri la Soche mu Malichi 2023 n'zodziwika kwa aliyense. Zambiri mwa zimenezo si nkhani ya makampani a matabwa, ndipo kungakhale kulakwa kuzikokera m'malamulo a ku Washington. Pamene pali ubale weniweni ndi m'minda ya paini ya m'mapiri, monga m'mbali mwa phiri la Zomba moyang'anizana ndi tauni, kumene kudula kumakhala kometa chigawo chonse nthawi imodzi. Bulugamu akadulidwa chitsa chimaphukira, ndipo gawo la mizu limakhalabe lamoyo. Paini saphukira. Ku New Zealand anayeza n'kupeza kuti mizu ya paini wawo imataya theka la mphamvu yake pasanathe zaka ziwiri, ndipo kumalo ofunda ndi achinyezi kuola kumafulumira. Ndiye kuti pa therezi la paini nyengo yofooka ija imayamba msanga, ndipo ngati kubzalanso kwachedwa, kapena moto wa m'chilimwe wapsereza mbande, imatalika ndi chaka china pa chaka chilichonse chotayika.